Njinga ya m'katoni ndi mawu a pansi pa mtengo

Mphwanga wophunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Mtakataka adaitanitsa njinga pa foni. Adaiona pa Facebook, adakambirana mtengo pa WhatsApp ndi wogulitsa wa ku Lilongwe, adalipira pa Airtel Money, ndipo patapita masiku angapo katoni yaitali idatsitsidwa pa minibasi pa Golomoti. Pa chithunzi idali njinga yathunthu, yonyezimira. M'katonimo tidapeza felemu ili ndi tayala lakumbuyo lokha, lakutsogolo lili pambali, mahandulo akulendewera ku nthambo za mabuleki, mapedulo ali m'kajumbo. Tidanyamula zonsezo kupita kwa amekaniki a pansi pa mtengo. Bambowo adayang'ana, nafunsa kuti, "Aphunzitsi, tayalali ndi saizi yanji?" Mphwanga adatulutsa foni kuti awerenge zomwe wogulitsa adalemba, ndipo pomwepo ndidaona kuti pa njinga imodziyi pakumana zilankhulo ziwiri zosamvana.

Cha amekaniki ndi chakale. Chidakhwima pa njinga zakuda zija za Humber, Raleigh, Hero ndi Phoenix, zomwe zanyamula mpunga wa ku Bwanje, nsomba za kunyanja ndi odwala opita ku chipatala cha Mua kwa zaka zambirimbiri. Mawu ake ambiri ndi obwereka, koma adakhalitsa m'kamwa mpaka kusalala: tcheni, chubu, limu, habu, ekiselo, masipoko, kaliyala, kotapini, madigadi. Foloko ndi yomwe imagwira tayala lakutsogolo, dzina limodzi ndi yodyera ija, poti zonse zili ndi mphanda. Chishalo chimandikumbutsa isihlalo, mpando m'Chizulu, ndipo kuno kwa Inkosi Kachindamoto, dziko la Angoni, kufanana kumeneku sikudabwitsa. Koma mawu omwe ndimawakonda ndi kupalasa. Msodzi amapalasa bwato, nkhuku imapalasa pa dzala, ndipo njinga itafika anthu sadafune mneni wina. Yoyendera miyendo idangokhala yakapalasa, kusiyanitsa ndi yamoto.

Ine ndili ndi kalamulo kanga komwe ndimawuza aliyense wofuna kuitanitsa njinga osaiona. Chitsulo chomwe chili kale ndi dzina la Chichewa mudzachipeza pa msika wa Golomoti kapena Mtakataka. Chomwe wogulitsa akuchitchula m'Chingerezi, amekaniki n'kumangoti "kachitsulo aka", mudzachidikira kuchokera ku Lilongwe, mwinanso kunja. Dzina limabadwa chinthu chikagwiridwa ndi manja ambiri.

Njinga ngati ya mphwangayi, yomwe tikuitcha ya magiya, kapena mawunteni, siidapangidwire katundu. Idayambira ku Marin County, ku California, m'zaka za m'ma 1970, pomwe anyamata ena monga Gary Fisher, Joe Breeze ndi Charlie Kelly ankathamangitsa njinga zakale potsika mapiri pongosangalala. Mpikisano wawo wotchuka, womwe udayamba mu 1976, adautcha Repack, chifukwa buleki ya m'habu inkatentha potsika mpaka girizi kupsa, ndiye ukafika pansi unkayenera kupakanso wina. Ife tili ndi Repack wathu. Msewu wochoka pa Masasa pa M1 kutsikira ku Golomoti anthu adaupatsa dzina loti Khwekhwelere, ndipo dzinalo likunena zonse. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Ndiye munthu wa kuchigwa kuno wofuna magiya sakungotengeka ndi fashoni. Koma masiku ambiri njinga yake idzayenda pa M5, pa mchenga, pa makande a dzinja omatirira ngati phala, komanso pa minga ya mthethe.

Tibwerere ku funso la amekaniki lija, la saizi, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amalumidwa. Wogulitsa amalemba 26, 27.5 kapena 29. Njinga yakale ya kabaza imavala 28. Munthu woganiza bwino anganene kuti 29 ndi yaikulu kuposa 28, ndipo kuti tayala la pa msika lingokanikizidwa pang'ono n'kulowa. Ayi ndithu. Manambala amenewa ndi mainchesi oyerekeza a tayala lonse litapopedwa, osati a limu. Nambala yoona idalembedwa m'mbali mwa tayala, mwa mamilimita, motere: 54-559. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu. Limu ya 26 ya mawunteni ndi 559, ya 27.5 ndi 584, ya 29 ndi 622, ndipo ya 28 yakale ija ndi 635. Taonani: 28 yaposa 29. Tayala lililonse limakhala pa limu yake basi. La 28 lili pa msika uliwonse, la 26 limapezeka chifukwa njinga za kaunjika zidalifalitsa, koma enawo mufunse kaye musadatumize ndalama. Wogulitsa akakuuzani kuti 29 ndiyo yamakono sakunama, kungoti iye sadzakhalapo tsiku lomwe munga udzang'ambe tayala pakati pa Mua ndi Mtakataka.

Vavu nayo ili mitundu itatu. Ya Dunlop ndi yathu yakale ija, yokhala ndi kamphira kakang'ono m'kati. Ya Schrader ndi yonenepa ngati ya galimoto. Ya Presta ndi yowonda, yamutu wopotokola, ndipo pampu ya amekaniki ambiri siigwira popanda kolumikizira.

Kenako pali nambala yomwe imakopa maso: 21 speed. Si liwiro limenelo. Kutsogolo kuli magudumu a mano atatu, kumbuyo asanu ndi awiri, kuchulukitsa n'kupeza 21. Mwa amenewa angapo amafanana kulemera kwake, ena amapendeketsa tcheni mpaka kumalira, kotero ogwira ntchito enieni ndi ochepa kuposa pamenepo. Chofunika kufunsa ndi chimodzi: gudumu lalikulu lakumbuyo lili ndi mano angati? Mano akachuluka kumbuyo, chitunda chimapepuka.

Chomwe chimasuntha tcheni kuchoka pa gudumu lina kupita pa lina ndicho chitsanzo chabwino cha chitsulo chopanda dzina. Azungu amati derailleur, mawu a Chifalansa onena za kuchotsa sitima pa njanji, ndipo kwa ife okhala m'mbali mwa njanji yopita ku Salima tanthauzolo limaseketsa. Kuno ena amangoti giya, ena chosinthira. Chimalendewera pafupi ndi nthaka, pomwe pali udzu, timitengo ndi mchenga. Chimamangidwa pa kachitsulo kofewa kotchedwa hanger, komwe adakapanga dala kuti kapindike kapena kuthyoka m'malo mwa felemu njinga ikagwa. Nzeru yabwino, koma pali mitundu yambirimbiri ya kachitsuloka, ndipo felemu iliyonse imafuna kake. Katoni ikaponderezedwa ndi matumba pa minibasi, koyamba kupindika ndi komweka. Ya mphwanga idafika itapindikira m'kati, moti akadangokwera n'kuika giya yopepuka, chosinthiracho chikadalowa m'masipoko. Pa chosinthira pali timasikuluwu tiwiri, H ndi L, toletsa tcheni kupitirira malire kunja ndi m'kati. Amekaniki ozolowera njinga zopanda magiya amatimanga mpaka kumapeto poganiza kuti tamasuka. Musawalole.

Dzina la Shimano lidzaoneka pa malonda pafupifupi onse. Ndi kampani yeniyeni ya ku Sakai, ku Japan, yomwe idayamba mu 1921, ndipo zida zake zotsika mtengo za Tourney zimagwira ntchito bwino ndithu zikasamalidwa. Koma njinga yolembedwa kuti ili ndi Shimano nthawi zambiri imakhala ndi chida chimodzi chokha cha kampaniyo, chooneka pa chithunzi, zina zonse n'zosadziwika kwawo. Pemphani zithunzi zapafupi.

Pali kusiyana kwina kobisika m'habu yakumbuyo, pa momwe magudumu a mano aja amamangidwira. Filiwilo amekaniki amaidziwa: imapotokoledwa pa habu ngati chivindikiro cha botolo, ndipo imapezeka. Cassette imalowetsedwa pa mizere n'kutsekedwa ndi mphete yofuna chida chake. Njinga zotsika mtengo zambiri zili ndi filiwilo ya magudumu asanu ndi awiri, ndipo vuto lake ndi loti mbali yaitali ya ekiselo imatsala yopanda chochirikiza. Mukakweza munthu kumbuyo kapena thumba la makilogalamu 50, ekiselo imapindika, kenako n'kuthyoka. Mwayi wake ngwakuti ekiselo ili ndi dzina la Chichewa.

Za mabuleki ndinena mwachidule, ngakhale moyo uli pomwepo. Akale aja a ndodo zachitsulo tikuwadziwa. A V-brake amafinya limu ndi mphira, ndi otchipa, ndipo mphira zake zili paliponse. Koma potsika Khwekhwelere mutagwira osasiya, limu imatentha mpaka chubu ikhoza kuphulika. A disiki amagwira kambale kachitsulo pa habu, ndipo m'matope amaposa enawo. Alipo a nthambo ndi a mafuta. Kwa wa kuno ndingasankhe a nthambo, chifukwa nthambo ikaduka mugula ina, pomwe a mafuta akalowa mpweya amafuna zida zapadera, ndipo ena amamwa mafuta a mineral, ena a DOT, osasakaniza. Musadakwere, finyani dzanja lililonse muone tayala lomwe laima. Njinga zotsata kachitidwe ka ku Britain zimaika buleki yakutsogolo kumanja, za ku America kumanzere. Kudziwira zimenezi pa mtsetse ndiko kusiya mano pa phula.

Mawu oti aloyi amatchulidwa monyadira, kutanthauza felemu ya aluminiyamu. Ndi yopepuka ndipo siichita dzimbiri. Koma ikang'aluka, wowotcherera wa pa Mtakataka sangaigwire ndi makina ake a masiku onse, pomwe yachitsulo amailumikiza inu mukumwa tiyi. Nanga mashoko? Njinga yotchipa yokhala ndi sipuling'i pakati imaoneka yaukali pa chithunzi, koma ndi yolemera, imadya mphamvu za miyendo pomanyutukanyutuka, malumikiziro ake amayamba kugwedera msanga, ndipo choipitsitsa n'chakuti ilibe pomangira kaliyala. Yolimba kumbuyo, yomwe amalonda amati hardtail, ndiyo yoyenera. Yang'anani pa chithunzi timabowo tiwiri pafupi ndi ekiselo yakumbuyo. Popanda timeneto, makope a ana muziwabereka kumsana.

Kaliyala ndiye malire enieni pakati pa zilankhulo ziwirizi. Pa malonda a mawunteni satchulidwa n'komwe, pomwe kwa akabaza ndiye ofesi. Bungwe la World Bicycle Relief, lomwe lidayamba mu 2005, lidapanga njinga ya Buffalo poyambira kumeneko: felemu yachitsulo, masipoko onenepa, kaliyala wonyamula makilogalamu 100. Ndi yolemera, ndipo pa chitunda mumatsika n'kukankha. Wofuna kunyamula makala kapena mpunga agule yoteroyo. Mphwanga amangonyamula chikwama ndi choko, ndiye mawunteni idamuyenera.

Kumanga kwenikweni kudatenga masana onse. Ogulitsa amakonda kulemba kuti njinga ndi yomangidwa kale 85%, osanena kuti zotsalazo ndi zomwe zimapha. Choyamba zida: mabawuti a njingazi ali ndi dzenje la makona asanu ndi limodzi, ofuna Allen key ya mamilimita 4, 5 ndi 6, osati sipanala ndi hamala. Foloko imabwera itatembenuzidwira kumbuyo kuti ikwane m'katoni, ndipo ndaonapo njinga zingapo pa M5 zikuyenda choncho, mwini wake akudabwa kuti chala cha phazi chikugunda tayala pokhota. Ekiselo iyenera kukhala patsogolo pa mzere wa foloko, ndipo buleki ya disiki ikhale kumanzere. Mapedulo ali ndi zilembo, R ndi L. Yakumanja imamangidwa monga bawuti iliyonse, yakumanzere imamangidwa mobwerera. Woikakamiza ndi sipanala ya 15 amadya mazinga a mkono wa pedulo, womwenso nthawi zambiri ndi wa aloyi, ndipo pamenepo njinga yatsopano yafuna kale sipeya. Chitsulo cha chishalo chili ndi mzere wosonyeza polekezera. Mukachikweza kupitirira apo chimang'amba felemu. Ngati mwendo sukuwongoka musadafike pa mzerewo, mwagula felemu yaing'ono, ndipo S, M ndi L zija mudazidumpha pa foni zinali za msinkhu wanu.

Pomwe amekaniki adandigonjetsa ndi pa habu. Palibe pepala lidawauza, koma adazungulitsa ekiselo ndi zala, namva kuti ikukhakhala, namasula. M'kati mudali girizi wongonunkhiza, makoni atamangidwa mopitirira. Adapakamo wina, nabweza pang'ono, kenako adayenda ndi zala pa masipoko onse ngati woimba zeze, kumanga omwe ankalira mosiyana ndi anzawo. Kachitsulo kopindika kaja adakawongola pang'onopang'ono ndi sipanala, akuyang'anira kumbuyo ndi diso limodzi, nachenjeza kuti kachiwiri kadzathyoka. Ankakatchula kuti kakhutu.

Madzulo ake mphwanga adapalasa mpaka pa mphambano ya ku Mua n'kubwerera, nalembera wogulitsa uja kuti amutumizire kakhutu kena kapadera. Wogulitsayo adayankha kuti sakumva. Tidajambula chithunzi.