LEO, Kompyuta Yoyamba Kugwira Ntchito za Bizinesi

LEO, chidule cha Lyons Electronic Office, ndi kompyuta yoyamba padziko lonse kupatsidwa ntchito za muofesi. Chodabwitsa n'chakuti eni ake, a J. Lyons & Co., ankagulitsa tiyi, buledi ndi makeke m'malesitilanti awo ku Britain.

Ataona kuti zowerengetsa zikuwachulukira makalaliki, akuluakulu a kampaniyi adalimba mtima n'kupanga makina awoawo, potengera kompyuta ya EDSAC ya pa yunivesite ya Cambridge. Mu Novembala 1951, LEO idayamba kuwerengetsa mtengo wa zophikidwa m'mabekale a ku Cadby Hall, mumzinda wa London.

Pofika 1954 inkakonzanso malipiro a antchito. Masana aliwonse, oyang'anira malesitilanti ankaimba foni kunena zomwe adzafune mawa lake, kompyutayo n'kusanja zoti ziphikidwe ndi kupakiridwa m'magalimoto.