Nkhope ya Mfumu Yopangidwa ndi Zakumunda

Amene munayendapo mumsika wa Zomba mukudziwa kuti munthu angathe kudziwa mwezi wa pachaka poyang'ana malonda okha. Dzinja likafika kumadzadza bowa, maungu ndi mondokwa. Pamasika ndi mtedza ndi mbatata. Ndipo chilimwe chikamatha, mango amachita kuponderezana. Lero tikambirana za mmisiri wina amene anatenga zokolola zotere napanga nazo nkhope za anthu.

Munthuyu ndi Giuseppe Arcimboldo, wa mumzinda wa Milan ku Italy, amene anamwalira m'chaka cha 1593. Mu 1562 anapita ku Vienna kukagwira ntchito yojambula kunyumba ya mafumu a banja la Habsburg, ndipo mu 1563 anajambula zithunzi zinayi zoimira nyengo zinayi za ku Ulaya.

Mukaima patali mumaona nkhope ya munthu. Mukasendera pafupi, munthu uja amasanduka dengu la zakumunda. Nyengo yophukira ndi wachinyamata wopangidwa ndi maluwa okhaokha. Nyengo yotentha mphuno yake ndi nkhaka, tsaya ndi pichesi, mano ndi nsawawa, ndipo pa kolala ya malaya ake a tirigu mmisiriyo analukapo dzina lake. Nyengo yokolola tsitsi lake ndi mphesa, chisoti ndi dzungu. Nyengo yachisanu ndi nkhalamba ya chitsa chokwinyika, milomo yake ndi bowa, ndipo yafunda mphasa. Motero chaka chimodzi chinasanduka moyo wa munthu, kuyambira ubwana mpaka ukalamba.

Pali chinthu chimodzi chimene Mmalawi sangachiphonye. Khutu la nyengo yotentha ndi chisononkho cha chimanga. Masiku amenewo chimanga chinali mlendo ku Ulaya, popeza chinachokera ku America pambuyo pa ulendo wa Columbus wa 1492. Chimene ife timati chakudya, iwo ankachiona ngati chodabwitsa choyenera kuonetsa mfumu.

Kodi mfumu sinakwiye ndi nthabwala zotere? Ayi. Zithunzizi zinaperekedwa kwa Maximilian II pa tsiku loyamba la chaka cha 1569, ndipo tanthauzo lake linali chitamando: monga zipatso zosiyanasiyana zagwirizana kupanga mutu umodzi, momwemonso mitundu ya anthu igwirizane pansi pa mfumu imodzi. Cha m'ma 1590 Arcimboldo anajambula mwana wake wa Maximilian, Rudolf II, ngati Vertumnus, mulungu wa Aroma wolamulira nyengo, nkhope yonse ili zokolola za chaka chathunthu.

Makolo athu akanaimvetsa nkhaniyi. Kwa Makewana ku Msinja ndi kwa Mbona ku Khulubvi, mafumu ankatumiza nsembe popempha mvula, pakuti ufumu unkayesedwa ndi nkhokwe za anthu. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankapempha, pamene Rudolf anajambulidwa ngati mwini nyengo.

Koma nyengo sinamumvere. Anamwalira mu 1612 atalandidwa mphamvu zambiri ndi m'bale wake Matthias. Mu 1648 asilikali a ku Sweden anafunkha chuma cha ku Prague, ndipo chithunzi chija chili ku Skokloster, m'dziko la Sweden, kufikira lero.

Tsono mukadzakwera phiri la Zomba n'kupeza anyamata akugulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wa Ku Chawe, muyang'ane bwino m'mbale zawo. Mwina mudzaonamo nkhope ya mfumu.