Mantha ogwa mwadzidzidzi: zizindikiro ndi chithandizo

Vutoli limagwira munthu mosayembekezera, kaya ali kumunda kapena pamsika. Mtima umagunda kwambiri, amabanika, amatuluka thukuta, manja amanjenjemera, mpaka amaona ngati akufa. Kawirikawiri zimafika pachimake pasanathe mphindi 10, kenako zimazizira zokha. Si ufiti ayi, ndipo manthawa paokha sapha.

Zikakuyambani, khalani pansi, kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, n'kuutulutsa mosathamanga. Kachasu ndi chamba zimangokolezera vutoli.

Komabe pitani kuchipatala akakuyezeni, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi matenda a mtima zimayambanso chonchi. Ogwira ntchito za matenda a maganizo amathandiza ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala. Mankhwala ambiri oterewa amayamba kugwira pakapita milungu ingapo, choncho musawasiyire panjira musanafunse adokotala.