Mathilda Twomey ndi makhothi a ku zilumba za Seychelles

Dziko la Seychelles lili ndi zilumba 115 m'nyanja ya India, koma anthu ake ndi pafupifupi 100,000 okha, ndipo ambiri amakhala pa chilumba cha Mahé. M'dziko laling'ono chotere, woweruza milandu amakumana kumsika ndi kutchalitchi ndi anthu amene wawagamulira milandu. Kwa zaka zambiri, dzikoli linkadalira oweruza ochokera kunja, ndipo mpaka chaka cha 2011 panalibe mayi ngakhale mmodzi amene anakhalapo jaji. Woyamba anali Mathilda Twomey.

Malamulo a dzikoli ali ndi mizu iwiri. Afalansa anakhazikika pa zilumbazi mu 1770 ndipo anabwera ndi malamulo awo. Angerezi atalanda zilumbazi, zimene zinatsimikizidwa mu 1814, anasiya malamulo achifalansa okhudza malo, chuma cha masiye ndi mapangano, koma pang'onopang'ono anabweretsa awo pa milandu ya upandu ndi kayendetsedwe ka makhothi. Choncho loya wa kumeneko amayenera kudziwa zonse ziwiri, pomwe anthu amene akuwaimira amalankhula Chikiliyo kunyumba.

Mayi Twomey anaphunzira mbali zonsezi. Anachita maphunziro a malamulo achingerezi ndi achifalansa ku yunivesite ya Kent ndiponso ku France, ndipo mu 1987 analoledwa kugwira ntchito ya uloya ku Middle Temple, mumzinda wa London. Atabwerera kwawo anapeza dziko likulamulidwa ndi chipani chimodzi cha France-Albert René, yemwe analanda boma mu 1977, patangotha chaka dzikolo litalandira ufulu. Ndale za zipani zambiri zitabwerera, iwo anali m'gulu limene linalemba malamulo oyendetsera dziko a 1993. Kenako anakakhala ku Ireland, komwe anapitiriza maphunziro ku Galway mpaka kupeza digiri ya udokotala pa nkhani ya kusakanikirana kwa malamulo a kwawo.

Mu 2011 anasankhidwa kukhala woweruza m'khothi la apilo, ndipo mu 2015 anakhala jaji wamkulu, mayi woyamba pa udindowo. Sipanapite nthawi, mlandu wovuta unawapeza. Pa chisankho cha Disembala 2015, James Michel anapambana Wavel Ramkalawan ndi mavoti 193 okha. A Ramkalawan anakadandaula kukhothi loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2016 oweruza atatu, motsogozedwa ndi mayi Twomey, anakana kufafaniza zotsatirazo. Kusiyana kwa mavoti kukachepa chonchi, chigamulo chilichonse chimakwiyitsa pafupifupi theka la dziko, ndipo theka limenelo ndi anansi ako.

Zovuta sizinathere pomwepo. Mu 2018 panakhazikitsidwa bwalo lapadera loti lifufuze madandaulo oti iwo anagwiritsa ntchito udindo wawo molakwika. Bwalolo linapeza kuti analibe mlandu. Anapitiriza ntchito mpaka mu 2020, pomwe anatula pansi udindowo atatha zaka zisanu, n'kubwerera kukhothi la apilo. Chaka chomwecho anatsogolera komiti yowunikanso malamulo oteteza ana, ndipo maboma a France ndi Germany anawapatsa mphoto ya ufulu wachibadwidwe.

Mbiri ya amayi oyamba pa maudindo kawirikawiri imafupikitsidwa kukhala chaka ndi dzina. Ya mayi Twomey ikaiwerengedwa motero, zambiri zimatayika. Funso limene moyo wawo wa ntchito unayankha ndi lakuti kodi mwana wa pachilumba, wodziwika ndi aliyense, angaweruze anthu akwawo mopanda mantha. Amene ankakonda oweruza akunja ankati mlendo alibe mbale woti amukondere. Koma mlendo amathanso kuchoka ntchito ikatha, osaona zotsatira za zigamulo zake, pomwe mwini dziko amakhala nazo.

Mu Okutobala 2020, a Ramkalawan, amene mlandu wawo unakanidwa zaka zinayi m'mbuyomo, anapambana chisankho ndipo boma linasintha mwamtendere. Pampando wa jaji wamkulu panakhala Ronny Govinden, nayenso mbadwa ya Seychelles.