Zakudya ndi Mavitamini pa Matenda a Endometriosis: Zimene Kafukufuku Wapeza

Matenda a endometriosis amayamba pamene minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imera kunja kwa chiberekerocho, monga pa timatumba ta mazira, pa matumbo kapena pa chikhodzodzo. Minofuyi imatupa ndi kutaya magazi nthawi ya msambo, ndipo imasiya zipsera zimene zimabweretsa ululu waukulu, nthawi zinanso kusabereka. Bungwe la World Health Organization likuti matendawa amagwira amayi ndi atsikana 10 mwa 100 aliwonse a msinkhu wobereka, pafupifupi 190 miliyoni padziko lonse.

M'matauni a Kadoma ndi Chegutu, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ya golide monga Cam and Motor ndi Dalny, ndiponso m'mafakitale a nsalu a David Whitehead. Kumeneku ululu wa msambo amautcha cham'mimba m'Chichewa, kapena jeko m'Chishona, ndipo ambiri amauyesa chinthu chongopirira. Madokotala ambiri a matenda a amayi ali ku Harare, ulendo wa makilomita oposa 100, choncho odwala ena amayamba atembenukira ku zakudya ndi mabotolo a mavitamini.

Zakudya

Mu 2010, akatswiri a pa yunivesite ya Harvard anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anamwino oposa 70,000 a ku America amene anawatsatira kwa zaka 12. Amayi amene ankadya kwambiri mafuta a omega-3, opezeka makamaka m'nsomba, chiopsezo chawo chopezeka ndi matendawa chinali chotsika ndi 22 peresenti. Kwa amene ankadya kwambiri mafuta olimbitsidwa m'fakitale, chinali chokwera ndi 48 peresenti. Mu 2018 kafukufuku yemweyo anasonyeza kuti chiopsezo chimakweranso mwa odya nyama yofiira koposa kawiri patsiku. Komabe ziwerengerozi zikunena za chiopsezo chodwala, sizikutsimikiza kuti kusintha chakudya kumathetsa ululu mwa mayi amene wadwala kale.

Mavitamini

Mu 2013, kafukufuku wa amayi 59 mumzinda wa Atlanta anapeza kuti amayi 43 mwa 100 aliwonse amene anamwa mavitamini C ndi E kwa masabata 8 ululu wawo unachepa. Koma amayiwo anali ochepa ndipo nthawi inali yaifupi. Mu 2020, kafukufuku wa atsikana ndi amayi 69 ku Boston anapeza kuti vitamini D ndi mafuta a nsomba sizinapose mapiritsi opanda mankhwala pochepetsa ululu. Ndondomeko ya chithandizo ya mu 2022 ya bungwe la madokotala la ku Ulaya la ESHRE inati umboni sunakwane kuti kadyedwe kena kalikonse kavomerezedwe ngati chithandizo cha matendawa.

Zopezeka pafupi

Chakudya chimathandiza ndithu pa vuto la kuchepa magazi, limene limagwira amayi otaya magazi ambiri posamba. Chiwindi, nyemba, khobwe, bonongwe, nkhwani ndi chisoso zili ndi ayironi. Thupi limayamwa bwino ayironi wa m'masamba munthu akadyanso zipatso monga magwafa, malalanje kapena malambe, pamene tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa. Matemba a kapenta a m'nyanja ya Kariba amapereka mapuloteni ndi kashiamu pa mtengo wotsika. Kuyambira mu July 2017, malamulo a Zimbabwe amafuna kuti ufa wa chimanga ndi wa tirigu wa m'mafakitale, shuga ndi mafuta ophikira ziwonjezeredwe mavitamini kapena michere ina.

Chenjezo

Mankhwala owonjezera nawonso amavulaza. Vitamini E wochuluka angachititse magazi kusaundana mwa omwa warfarin, ndipo chitsamba cha St John's wort chimafooketsa mapiritsi olera ndi mankhwala ena a ARV. Bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe ndilo limalembetsa mankhwala oterewa, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa ku famase ngati botolo linavomerezedwa.

Chithandizo chodalirika chikadali mankhwala ochepetsa ululu monga ibuprofen, mankhwala a mahomoni, ndi opaleshoni pamene ikufunika. Mayi amene ululu umamulepheretsa kupita kusukulu kapena kuntchito, amene amamva kuwawa pogonana kapena pochita chimbudzi nthawi ya msambo, ayenera kuyamba ku kiliniki, kapena ku Kadoma General Hospital ndi Chegutu District Hospital, kumene angamutumize kwa katswiri. Kupimidwa n'kofunika chifukwa likodzo la m'njira yoberekera, zotupa za m'chiberekero ndi matenda opatsirana pogonana zimabweretsa zizindikiro zofanana, koma chilichonse chili ndi mankhwala akeake.