Louis IX, Mfumu Yoweruzira Patsinde pa Mtengo

Akulu akale adati mutu ukakula sulewa nkhonya, kutanthauza kuti munthu amene wasenza udindo ndiye amagweredwa mavuto onse a anthu ake. Koma nanga zimatha bwanji udindowo ukagwera mwana amene mutu wake sunakhwime? M'chimangirizo chino tiona moyo wa Louis IX, amene adalowa ufumu wa dziko la France ali ndi zaka 12 zokha, nalamulira kwa zaka pafupifupi 44.

Louis adabadwa pa 25 Epulo 1214 ku Poissy, kufupi ndi mzinda wa Paris. Bambo wake, Louis VIII, adali wa mbumba ya Hugh Capet amene adalowa ufumu m'chaka cha 987. Mayi wake, Blanche, adali mwana wa mfumu ya ku Castile, dera limene lero lili m'dziko la Spain. Bamboyo atamwalira mu Novembala 1226, mwanayo adavekedwa chisoti chaufumu ku Reims mwezi womwewo. Changu chotere chidali ndi chifukwa chake. Akalonga a m'madera, amene aliyense adali ndi malo ndiponso asilikali akeake, sadafune kugwadira mwana wamng'ono ndi mayi wamasiye wochokera kudziko lachilendo. Blanche adalimba mtima. Ena adawagonjetsa ndi nkhondo, ena adawanyengerera ndi mapangano, mpaka mpando wa mwana wake udakhazikika.

M'chaka cha 1234 Louis adakwatira Margaret wa ku Provence, ndipo adabereka naye ana 11. Banjali lidali lokondana, koma mpongozi adalivuta. Jean de Joinville, bwenzi la mfumuyo amene adalemba mbiri yake atakalamba, akusimba kuti Blanche sankafuna kuti mwana wake azicheza ndi mkazi wake masana. Akakhala ku Pontoise, awiriwo ankakomana mobisa pamakwerero olumikiza zipinda zawo, ndipo alonda ankagogoda chitseko ndi ndodo akaona kuti mayiyo akubwera. Mayi amene adapulumutsa ufumu adalephera kusiya mwana wake kuti akhale mwamuna wa mwini.

Kumapeto kwa chaka cha 1244 Louis adadwala mwakayakaya. Atachira adalumbira kuti adzapita kunkhondo yolanda Jerusalem m'manja mwa Asilamu. Mayi wake ndi bishopu wa ku Paris adamuletsa, koma iye sadamve. Adanyamuka padoko la Aigues-Mortes mu Ogasiti 1248, nasiyanso dziko m'manja mwa Blanche. Mu Juni 1249 adalanda mzinda wa Damietta ku Egypt, koma chimwemwe chake sichidakhalitse. Mu Febuluwale 1250 mng'ono wake, Robert wa ku Artois, adalowa mothamanga mumzinda wa Mansurah osadikira anzake, ndipo adaphedwa pamodzi ndi asilikali ambiri. Otsalawo adafooka ndi njala ndi kamwazi, ndipo mu Epulo Louis adagwidwa ukapolo. Masiku omwewo Margaret adabereka mwana wamwamuna ku Damietta, ndipo ali chigonere adapempha amalinyero a ku Genoa ndi Pisa kuti asauthawe mzindawo. Chifukwa cha kulimba mtima kwakeko, mzindawo udapezekapo woti aupereke ngati mbali ya dipo lowombolera mwamuna wake, kuwonjezera pa ndalama zochuluka zedi. Blanche adamwalira m'chaka cha 1252 asanaonenso mwana wake, amene adabwerera kwawo m'chaka cha 1254.

Louis adakhulupirira kuti adagonja chifukwa cha machimo ake ndi a dziko lake, choncho adaikapo mtima pa kukonza ulamuliro. Lamulo lake la m'chaka cha 1254 lidaletsa akuluakulu a boma kulandira ziphuphu ndi kugula malo m'madera amene ankayang'anira. Munthu akachoka paudindo ankayenera kukhalabe kuderalo masiku 40, kuti aliyense amene adamulakwira akathe kumusumira. Mfumuyo idaletsanso m'madera ake mwambo wakuti anthu awiri otsutsana pamlandu amenyane kuti wopambanayo ayesedwe wolungama, ndipo idalamula kuti milandu iziweruzidwa pomva mboni. Joinville akuti nthawi yotentha Louis ankakhala patsinde pa mtengo wathundu m'nkhalango ya Vincennes, ndipo aliyense wokhala ndi dandaulo ankafika pamaso pake popanda womutsekereza. Ku Paris adamanga nyumba yosungiramo anthu osaona 300, yotchedwa Quinze-Vingts.

Pankhani ya mtendere adaonetsanso nzeru. Henry III wa ku England, amene Louis adamugonjetsa ku Taillebourg m'chaka cha 1242, adakwatira Eleanor, mng'ono wake wa Margaret. Pa pangano la ku Paris la m'chaka cha 1259, Henry adavomera kuti Normandy, Anjou ndi Poitou si zakenso, ndipo Louis adamupatsa madera ena a kummwera chakumadzulo. Aphungu ake adang'ung'udza kuti wopambana sapereka malo kwa wogonja. Iye adawayankha kuti ana ake ndi ana a Henry adali pachibale, ndipo kudali koyenera kuti pakati pawo pakhale chikondi.

Komatu mbiri yoona siibisa zipsera. Mfumu yomweyi, imene inkasambitsa mapazi a amphawi, idazunza Ayuda a m'dziko lake. Pambuyo pa mlandu umene udachitika ku Paris m'chaka cha 1240, mabuku awo achipembedzo otchedwa Talmud adatenthedwa, odzaza ngolo zambirimbiri. M'chaka cha 1269 Louis adalamula kuti Myuda aliyense azivala chizindikiro pamalaya kuti azidziwika. Mthunzi wa mtengo wa ku Vincennes sudafike kwa anthu amenewa.

Ngakhale adali atafooka thupi, Louis adakonzanso ulendo wina wankhondo. Joinville adakana kumuperekeza, nanena kuti anthu a kwawo adavutika kwambiri pamene iye adali kutali. Gulu lankhondo lidafika kufupi ndi Tunis mu Julayi 1270, ndipo matenda adabuka mumsasa. Jean Tristan, mwana uja adabadwira ku Damietta, adamwalira kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo bambo wake adamutsatira pa 25 Ogasiti 1270. Ufumu udapita kwa mwana wake, Philip III. Mwana wake wamwamuna wotsiriza, Robert wa ku Clermont, ndiye kholo la mafumu a banja la Bourbon amene adayamba kulamulira France m'chaka cha 1589. Papa Boniface VIII adalengeza Louis kukhala woyera m'chaka cha 1297.

Tikaunika moyo wa mfumuyi tiona kuti zimene idapita kukafuna kutsidya kwa nyanja zidangobweretsa maliro, pamene zimene idachita ili pakhomo zidapindulitsa anthu kwa mibadwo yambiri. Tionanso kuti munthu angathe kukonda chilungamo ndi mtima wonse, komabe n'kumachimana kwa anthu osiyana naye chikhulupiriro. Wophunzira mbiri ayenera kusunga mbali zonse ziwirizi, pakuti mtsogoleri timamuyesa poona mmene adakhalira ndi anthu ake onse, kuphatikizapo amene iye sadawawerengere.