Mphepo ya ku Masitala: Zomwe Timaiwala pa Mbiri ya Kamkwamba

Ambiri a ife nkhani ya William Kamkwamba tinaimva tili ku sekondale, aphunzitsi akutidzudzula kuti mnzathu anapanga magetsi ndi zinyalala pomwe ife tikulephera masamu. Kwa zaka zambiri ndinkaitenga ngati nthano ya mnyamata wanzeru zachilendo. Koma nditayamba kuwerenga mbiri ya makina a mphepo m'maiko ena, ndinaona kuti nkhaniyi ili ndi abale ake, ndipo abalewo akutiuza zinthu zosasangalatsa za ife.

Tiyambire ku Kasungu. M'chaka cha 2001 mbewu sizinachite bwino, ndipo chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa. Pofika February 2002, Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. William, wobadwa mu 1987 ndipo wokulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ake analibe ndalama ya fizi. Pofuna kuti asatsalire m'mbuyo, ankapita ku kalaibulale ka pa pulayimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza buku la ku America lotchedwa Using Energy, lomwe pachikuto pake panali chithunzi cha makina a mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankadalira kwambiri zithunzi.

Zipangizo zake n'zomwe zimandigwira mtima. Nsanja anamanga ndi mitengo ya bulugamu. Mapiko anapanga ndi mapaipi a pulasitiki omwe anawang'amba, kuwawotcha pamoto ndi kuwawongola. Anawamangirira pa fani ya thirakitala yomwe anatola kotaya zitsulo, n'kulumikiza ku njinga ya bambo ake, kuti gudumu likamazungulira lizipukusa dayinamo. Choboolera chake chinali msomali wotenthetsa pamoto, chogwirira chake chitsononkho. Mu 2002, ali ndi zaka 14, babu loyamba linayaka. Kenako anawonjezera batire ya galimoto, ndipo nyumba yonse inawala, wailesi inalira, anthu n'kumabwera kudzatchajitsa mafoni. Anthu omwewa ndi amene poyamba ankamunena kuti wachita misala.

Tsopano tibwerere zaka 115 m'mbuyo. Mu July 1887, pulofesa wina wa ku Scotland, James Blyth, anaimika makina a mphepo a mapiko ansalu pa nyumba yake yopumulira ku Marykirk, n'kumasunga magetsiwo m'mabatire. Akuti atapereka magetsi otsala kuti aunikire msewu waukulu wa m'mudzimo, anthu anakana poganiza kuti ndi za Satana. Choncho kukayikira kwa anthu a ku Wimbe sikunali umbuli wa Chimalawi. Ndi mmene anthu amachitira kulikonse akaona chachilendo. Chaka chotsatira, Charles Brush wa ku Cleveland ku America anamanga chimakina cha mapiko 144 kuseri kwa nyumba yake, chotulutsa makilowati 12. Koma uyu anali mpondamatiki, ndipo magetsiwo anali a nyumba yake yokha.

Amene ndikufuna timuyang'anitsitse ndi Poul la Cour wa ku Denmark. Mu 1891 anamanga makina ake pa sukulu ya anthu akumudzi ya Askov, mothandizidwa ndi ndalama za boma. Sanathere pamenepo. Anayamba kuphunzitsa anyamata a m'midzi ntchito ya magetsi kuti akamange ndi kukonza makina otere kwawo. Mmodzi mwa ophunzira ake, Johannes Juul, ndi amene anadzamanga makina otchuka a ku Gedser m'ma 1950, omwe kapangidwe kake ka mapiko atatu kanadzakhala chitsanzo cha makina amakono. Lero Denmark ndi kwawo kwa kampani ya Vestas. Nzeru ya munthu mmodzi inasanduka sukulu, sukuluyo inabala ntchito.

Ku America njira inali ina. M'ma 1920 ndi 1930, alimi okhala kutali ndi mawaya ankagula timakina ta mphepo, monga ta abale a Jacobs, kuti aziyatsa nyale ndi wailesi. Lamulo lofikitsa magetsi kumidzi litadutsa mu 1936, mapolo anayamba kufika m'mafamu ndipo timakinato pang'onopang'ono tinasiyidwa. Apa phunziro n'lakuti kamakina ka pakhomo kamamera pomwe boma silinafike.

Nanga ife tinatani? Kwa zaka zinayi makina a William ankazungulira dziko lisakudziwa. Mu 2006 Dr. Hartford Mchazime, yemwe ankagwira ntchito mu pulojekiti yophunzitsa aphunzitsi, anafika ku Wimbe n'kuitana atolankhani, ndipo nyuzipepala ya Daily Times inalemba nkhaniyo. Mu 2007 William anakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha. Anapita ku African Leadership Academy ku Johannesburg, buku lake lomwe analemba ndi Bryan Mealer linatuluka mu 2009, anamaliza digiri ku Dartmouth College mu 2014, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa filimu pa Netflix. Zonsezi n'zonyaditsa. Koma taonani kumene thandizo lalikulu linachokera, ndi kumene mnyamatayu anayenera kupita kuti apitirize maphunziro. Ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'Malawi ndi amene ankaunikira ndi magetsi a mawaya.

Sindikunena kuti khomo lililonse liimike nsanja ya bulugamu. Mphamvu ya mphepo ili ndi malamulo ake: liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imachuluka kasanu ndi katatu, ndipo likatsika, mphamvu imagwa chimodzimodzi. Pamalo pobisika ndi mitengo kapena pachigwa, kamakina kangokhala chokongoletsa, ndipo m'madera ambiri sola ndi yosavuta. Komabe mu January 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, tonse tinalawa kuopsa kodalira mtsinje umodzi wa Shire.

Chomwe ndikunena n'chakuti tinasankha mbali yophweka ya nkhaniyi. Kuyamika mnyamata sikulira ndalama. Kugula mabuku, kulipira woyang'anira laibulale ndi kuphunzitsa amisiri m'midzi kumalira. Pakanapanda shelefu ija ya mabuku ku Wimbe, sipakanakhala babu loyaka ku Masitala. Anthu a ku Denmark ataona makina a la Cour anafunsa kuti, tiphunzitse angati? Ife tinafunsa kuti, filimu ituluka liti?

Ife ophunzira timakonda kudandaula magetsi akazima usiku wa mayeso. Ulendo wina mukapita kumudzi pa holide, kalowereni pa pulayimale yomwe munaphunzira, mufunse ngati pali laibulale, ndipo ngati ilipo, mufunse kuti kiyi amasunga ndani.